Nyesi ya m'kabokosi ka sopo

Amayi anga amayenda ndi ndodo tsopano. Kuphazi lawo la kumanzere kulibe zala ziwiri, cacikulu ndi coyandikana naco, ndipo anthu akawafunsa amayankha kuti ndi shuga. Sanama ayi. Koma amasiya mbali ina ya nkhaniyi cifukwa condimvera cisoni, ndipo mbali imeneyo ndi imene ndikufuna kulemba muno, popeza ndamva kuti m'midzi ina ya kuno kumalire anyamata ayamba kupanga zimene ndinapanga ine.

Nchito yanga ndi yokonza mafoni, mawailesi ndi masola. Ndili ndi baraka pafupi ndi msewu waukulu wocokera ku Dedza kupita ku Ntcheu, pamene munthu ukangowoloka msewu ndiye kuti wacoka ku Angónia walowa m'Malawi. Ndimalandira mametikali, ndimalandiranso makwacha. Kusukulu ya zamagetsi sindinapiteko; ndinaphunzira poyang'ana manja a anthu ena ndiponso pophwasula zinthu zakufa. Pamudzi pathu amandiitana kuti injiniya, ndipo ndisabise, dzinalo linkandikoma.

Amayi anapezeka ndi shuga zaka zisanu ndi cimodzi zapitazo, atavutika miyezi yambiri ndi ludzu losatha, kukodza usiku wonse ndi kuwonda. Kucipatala anawabaya cala, n'kuwapatsa mapiritsi a metformin ndi malamulo a kadyedwe: tiyi wopanda shuga, nsima yocepa, ndiwo zamasamba zambiri, zakumwa za m'mabotolo ayi. Zonsezo anazilandira. Cimene sanacilandire, ndipo inenso sindinacilandire, ndi mawu akuti matendawa satha. Ife tinazolowera matenda okhala ndi malire. Malungo umamwa mankhwala masiku atatu, wadzuka. Cifuwa cacikulu umapirira miyezi isanu ndi umodzi, akuuza kuti wacira. Koma apa akuti muzibwera mwezi ndi mwezi mpaka tsiku limene Mulungu adzakuitaneni. Ndipo mwezi ndi mwezi pamafunika ndalama ya njinga yamoto, kupita ndi kubwera, pamsewu umene nthawi ya dzinja umasanduka phala.

M'caka cacitatu mapazi anayamba. Usiku ankati akuyaka ngati aponda makala, nthawi zina ngati linthumbu lawalowa m'zala. Masana ankacita dzanzi. Tsiku lina anabwera kucokera kudimba ndi nsapato imodzi, inayo itavuka panjira iwo osadziwa. Tinaseka tonse, iwonso anaseka. Koma usiku ndinkawamva akubuula motsitsa mawu kuti asadzutse adzukulu, ndipo ine, injiniya wa pamudzi, wodzutsa mafoni ogwera m'madzi, ndinalibe cowacitira. Amene anagonapo moyandikana ndi kholo lake lodwala akudziwa zimene ndikunena. Umafika poti aliyense wokuuza kuti pali njira umamumvera usanamufunse kuti iye ndani.

Wondiuzayo anali msuweni wanga wogwira nchito ku Johannesburg, amene anabwera pa Khirisimasi. Anandiwonetsa kanema pa WhatsApp: mzungu wovala zoyera atagwira timapaipi tiwiri ta kopa, tolumikizidwa ndi mawaya ku kabokosi kakang'ono. Ankanena kuti matenda onse, shuga, khansa, nyamakazi ngakhale Edzi, amayamba ndi tizilombo tobisala m'thupi, ndipo magetsi ocepa amatipha tonse osamupweteka munthu. Ankanenanso kuti madokotala amadziwa zimenezi koma amabisa kuti azigulitsa mapiritsi. Mawu otsirizawa ndi amene anandikola. Munthu wosauka ukamuuza kuti olemera akumubisira cinthu, wamupeza. Msuweniyo anati ku Joni kabokosi kotere n'kodula, "koma iwe ndi manja akowa ungalephere?"

Sindinalephere. Ndinatenga kabokosi ka pulasitiki kosungiramo sopo, kabatire ka mavoliti 9, tizida tina ta m'wailesi yakufa, ndi timapaipi tocokera ku firiji yowonongeka. Sindilemba muno mmene ndinalumikizira, cifukwa ndikudziwa kuti alipo wina amene angadumphe masamba ena onse n'kuwerenga pokhapo. Ndinayesa pamkono panga nditanyowetsa khungu, ndipo ndinamva kunyerenyetsa. Madzulo ndinapita kwa amayi, ndinawasambitsa mapazi, n'kukulunga timapaipi m'tinsalu toviika m'madzi a mcere monga anacitira wa m'kanema uja. Kamodzi ndinakamangirira pansi pa zala, kena kucidendene.

Tinakhala cete. Patapita nthawi amayi anafunsa kuti, "Kodi mwana wanga, wayatsa kale?"

"Ndayatsa kalekale, amayi."

"Ine sindikumva kanthu."

Pamenepo ndi pamene nkhani yonse inakhotera. Mawu amenewo anali matenda enieniwo akudziulula. Shuga akakhala wokwera kwa zaka amawononga mitsempha imene imanyamula uthenga kucokera kuphazi kupita kumutu, conco phazi limasiya kumva kutentha ndi kubaya kwa kunja, ngakhale kuti mitsempha yodwalayo imapeka ululu wakewake usiku. Munthu wodziwa akanazindikira kuti phazi lotere si loseweretsa. Ine ndinamva monga wokonza mawailesi: ngati sizikumveka, onjezera voliyumu.

M'mawa mwake ndinacotsa tizida tonse tija n'kulumikiza mawaya molunjika ku batire la njinga yamoto, la mavoliti 12. Ndinadziuza kuti palibe coopsa, pajatu mabatire otere timawagwira ndi manja tsiku ndi tsiku. Cigawo cathu ca Tete cili ndi damu la Cahora Bassa, lopanga mamegawati 2075, ndipo magetsi ake amakafika mpaka ku South Africa, koma ambiri a ife a kumidzi tinawadziwira magetsi pa batire la wailesi ndi pa sola ya padenga. Tinakula osawaopa. Mwana wa m'tauni amauzidwa akadali wamng'ono kuti asalowetse msomali m'soketi. Ife tinkanyambita batire kuti tidziwe ngati lili ndi moto.

Tsopano amayi ankamva pang'ono cabe, akuti "kukuyabwa patali". Tinayamba ndi theka la ola, kenako ola lathunthu, madzulo alionse. Patapita sabata anandiuza kuti ayamba kugona bwino. Sindikhulupirira kuti ankandinamiza. Ndaliganizira kwambiri funso limeneli, ndipo yankho langa ndi ili: kwa nthawi yoyamba cikulire, mwana wawo wamwamuna ankakhala pansi pa mapazi awo madzulo alionse, kuwasambitsa, kuwapukuta, n'kumamvetsera nkhani za tsidya la Malawi kumene tinathawira nthawi ya nkhondo, ndi za mmene tinabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992 n'kupeza mitengo itamera m'nyumba. Munthu wocitiridwa zotere amagona. Ululu wa mitsempha nawonso umabwera n'kumapita, uli ndi masabata abwino ndi oipa. Koma ine ulemu wonse ndinaupereka kwa kabokosi.

Mapiritsi atatha kumapeto kwa Januwale sitinapite kukatenga ena. Palibe amene ananena kuti tisiye. Mvula inali yambiri, msewu woipa, amayi akuti ali bwino, ndipo ndalama ya njinga inapita ku feteleza wobereketsa cimanga. Kujomba kwa mwezi waciwiri kunali kosavuta kuposa koyamba. Anamwino amene amawadziwa amayi amadutsa pabaraka panga kawirikawiri, ndinawakonzerapo ngakhale foni, koma za kabokosi sindinawafunse. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Langali analidya ndi amayi.

Pamudzi palibe cinsinsi. Pofika nthawi yokolola anthu ankabwera kuseri kwa baraka: agogo ena a nyamakazi m'mawondo, mayi wina wothamanga magazi, bambo wina wofa ziwalo mbali imodzi amene ana ake anamubweretsa pa ngolo, ena ocokera tsidya la msewu. Ndinkalandira kangacepe, mametikali 50, kapena mbale ya nyemba. Mnyamata wina anadikira kuti onse acoke, n'kundifunsa monong'ona ngati kabokosi kangamupumitse ma ARV. Ndinamuyankha kuti, "Wa m'kanema akuti kamatha." Pa zonse zimene ndinacita, mawu amenewo ndi amene amandidzutsa usiku.

Ambiri ankadandaula cinthu cimodzi, coti mphamvu yacepa. Ife timakhulupirira mankhwala opweteka. Jakisoni timamuyesa wamphamvu kuposa piritsi, muzu wowawa kuposa wosawawa, ndipo mphini zikapanda kutulutsa magazi timati asing'anga aticitira ulesi. Agogo anga aamuna, amene anagwirapo nchito kumunsi kwa Shire, ankasimba za nsomba ya nyesi, yonenepa, yopanda mamba, imene ukaigwira mkono wonse umauma. Dzina lake ndi lomwe timachulira kugwidwa ndi magetsi lero. Si ife tokha amene tinaganizapo kuti cinthu codzidzimutsa thupi motero ciyenera kukhala mankhwala. Zaka pafupifupi 2000 zapitazo sing'anga wa ku Roma, Scribonius Largus, ankalangiza odwala mutu kuti aike pamutu nsomba yamagetsi ya m'nyanja ya mcere, ndipo otupa mfundo za mapazi kuti aiponde ili yamoyo. Maganizowa ndi akale. Kusiyana kwake n'kwakuti nsomba imakumenya n'kukusiya, ndipo nayonso imatopa. Nyesi ya pawaya sitopa.

Conco maso anga anagwera pa inveta, kabokosi kaja kamene kamasandutsa mavoliti 12 a batire kukhala 220 kuti tiwonere mpira pa TV. Ambiri amaganiza kuti popeza gwero lake ndi batire, magetsi ake ndi ofatsa. Ndi ofanana ndi a m'soketi ya ku Vila. Ine ndinkadziwa zimenezo, koma ndinadzinyenga kuti ndikaikapo kocepetsera liwiro la fani, ndiziwapatsa anthu pang'onopang'ono monga mmene aliyense angapiririre. Mwayi wokha umene ndinali nawo ndi woti ndinayamba kuyesa pa ine mwini.

Linali Loweruka madzulo, kumapeto kwa Meyi, kunyumba. Ndinakulunga timapaipi m'nsalu zonyowa, kamodzi m'dzanja ili, kena m'dzanja linalo, n'kukankha swichi ndi cigongono. Zimene zinacitika sindingazifanizire ndi kumenyedwa. Manja anafumbata okha. Ndinkafuna kutaya timapaipito, mutu ukulamula, zala zikukana, zikungofinya mwamphamvu kuposa kale. Pacifuwa panali ngati wina wandikulunga ndi lamba n'kumakoka. Kukuwa kunakanika. Ndinagwa cagada pamodzi ndi mpando, timapaipi tidakali m'manja. Mayi a kunyumba, amene ankasenda kacewere pakhonde, anamva phokoso n'kulowa. Akanandigwira, bwenzi titagwidwa tonse awiri. Mulungu anawapatsa nzeru: anatola mpini wa khasu n'kumenya waya wa pabatire mpaka unathothoka.

Nditayamba kupuma bwino, iwo anakhala pansi n'kuyamba kulira. "Abambo, anawa mukufuna ndilere ndi yani?"

Pambuyo pake mphunzitsi wina wa zamagetsi, kasitomala wanga, anandiwerengera masamu ake pacikatoni. Mavoliti, anatero, ali ngati kutsetsereka kwa phiri kumene kumakankha madzi m'paipi yothirira mbatata; cimene cimapha ndi kuculuka kwa madzi amene adutsadi, ndipo kwa magetsi kumeneko kumayezedwa m'mamiliampeya. Miliampeya imodzi munthu amangoimva kunyerenyetsa. Akafika ca pa 10 kapena kupitirira pang'ono, minofu imafumbata ndipo sungathenso kusiya waya, cifukwa minofu yotseka dzanja ndi yamphamvu kuposa yotsegula. Zida zotetezera anthu m'nyumba zolumikizidwa bwino zimazimitsa magetsi pa 30. Kuyambira ca pa 50 mpaka 100, akadutsa pacifuwa, mtima ukhoza kusiya kugunda mwadongosolo n'kumangonjenjemera osapopa magazi, ndipo munthu amafa m'mphindi zocepa. Babu lakale lija la mawati 60 limakoka pafupifupi 270, kutanthauza kuti magetsi oyatsa babu limodzi ndi okwanira kupha munthu n'kutsalako. Khungu louma ndilo mpanda wathu. Ukalinyowetsa ndi madzi a mcere, wagwetsa mpanda ndi manja ako omwe, ndipo pa mavoliti 220 thupi lonyowa likhoza kudutsitsa oposa 200. Kuwonjezera apo, paipi m'dzanja ili ndi ina m'dzanja linalo ndiye kuti msewu wa magetsi wadutsa pamtima penipeni. Anapinda cikatoni cija n'kunena kuti, "Acimwene, inu munapulumuka ndi mpini." Ndinaganizira mayi wothamanga magazi uja, amene anali woyamba pamzere wa Lolemba.

Koma kabokosi ka batire, kamene ndinkakayesa kofatsa, kanali katagwira kale nchito yake. Zizindikiro zinalipo. Kuyambira nthawi ya dowe pansi pa cala cacikulu ca amayi panali pofiira, kenako potuwa, ndipo kansalu kankacoka kobiriwira. Wa m'kanema uja anali atanena kuti khungu likasintha ndiye kuti poizoni akutuluka, conco ine ndinkasangalala. Coona cake n'cakuti magetsi a batire, amene amayenda mbali imodzi osasinthasintha, akadutsa m'madzi a mcere kwa nthawi yaitali amawaphwanya: ku waya wina kumapangika mankhwala ofanana ndi soda wopangira sopo, kwa winayo kumapangika asidi, ndipo kopa amasungunuka pang'onopang'ono. Mavoliti 12 sangakugwetse, koma ola limodzi tsiku lililonse, pamalo omwewo, amadya khungu mwakacetecete. Munthu wa mapazi abwino akanamva kuwotcha n'kucotsa. Amayi analibe cowacenjeza.

Nditagwidwa ndi nyesi ndinakhala masabata awiri osapita kukawasambitsa, mapewa akupweteka, manyazi akundidya. Juni anali atalowa, ndipo mukudziwa kuzizira kwa kuno kumapiri. Amayi ankavala masokosi awiriawiri usana ndi usiku. Anali mwana wanga wamkazi, wogona ndi agogo ake, amene ananena kuti m'nyumba mukununkha ngati mwafera khoswe. Pocotsa sokosi tinapeza itamatirira. Cala cacikulu cinali cakuda, coyandikana naco cotupa, ndipo kufiira kunali kutakwera mpaka mu akakolo. Amayi analiyang'ana phazilo ngati la munthu wina. "Komatu silikupweteka," anatero.

Kucipatala ca pafupi anangoyang'ana n'kutitumiza ku cacikulu. Shuga anali wokwera kwambiri, pakuti panali patapita miyezi yoposa inayi opanda mapiritsi. Anamwino anafunsa kuti, "Agogo, apa munapsa ndi ciyani?" Amayi sanandiyang'ane n'komwe. "Mbaula, mwana wanga. Ndinawodzera ndikuwotha." Anamwinowo anakhulupirira, cifukwa odwala shuga ambiri amapsadi motero. Ndinagona pakhonde la cipatala ndi bodza limenelo usiku wonse. M'mawa ndinawatsatira adokotala n'kuwauza zonse. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, mwina kundiitanira apolisi. Anangovula magalasi n'kundifunsa kuti ndi anthu angati amene ndinawaika pa kabokosiko, ndiponso ndi angati mwa iwo amene anasiya mankhwala. Funso loyamba ndinayankha. Laciwiri ndinangoweramitsa mutu.

Anandifotokozera kuti shuga sawononga mitsempha ya kumva yokha. Amapanikizanso timitsempha ta magazi, conco cilonda ca kuphazi cimacedwa kupola, ndipo tizilombo timasangalala m'thupi la shuga wokwera. Cilonda ndinacipanga ndine, ndipo cimene cikanathandiza kuti cipole ndinacisiyitsanso ndine. Zala ziwiri sizinapulumuke. Anati tikanacedwanso pang'ono, bwenzi tikukamba za mwendo.

Ndiyenera kunena cilungamo pa cinthu cimodzi, cifukwa wina adzafunsa kuti, nanga bwanji kucipatala komweko amagwiritsa nchito magetsi? Amagwiritsadi. Amene ankaphunzitsa amayi kuyendanso anandiwonetsa kacipangizo kamene amati TENS. Kamatulutsa timagetsi toyezedwa bwino, todukizadukiza, ndipo kali ndi malire amene sikangadumphe ngakhale utakapotokola bwanji. Nchito yake ndi kuziziritsa ululu kwa kanthawi. Sikaciza shuga, sikapha tizilombo. Ndipo ngakhale kameneka sakaika pakhungu losamva kapena la cilonda, kutsogolo kwa khosi, kapena pamimba pa mayi woyembekezera, ndipo amasamala kwambiri ndi wodwala khunyu ndi amene anaikidwa kacipangizo kothandiza mtima. Paphazi la amayi, anatero, sakanakaika n'komwe. Cida ca anthu odziwa cili ndi mndandanda wa amene sayenera kucigwira. Canga cinali ca aliyense wobwera ndi 50.

Masiku amene ndinkadikirira amayi ndinafufuza pafoni kumene nzeru ya kabokosi inacokera. Amene anaichukitsa anali mayi wina wobadwira ku Canada, wokhala ku America, dzina lake Hulda Clark. M'zaka za m'ma 1990 analemba mabuku onena kuti wapeza mankhwala a khansa zonse, a Edzi, kenako a matenda onse, ndipo anali ndi malo olandirira odwala ku Tijuana, m'dziko la Mexico. Kafukufuku wa zacipatala sanatsimikizirepo zonena zake. Iye mwini anamwalira mu 2009 ali ndi khansa ya m'mafuta a m'mafupa. Zimenezo kanema wa msuweni wanga sanazinene.

Ndinapezanso ciyambi ca cizolowezi cina cimene anyamata a njinga zamoto amacitama, coti wolumidwa ndi njoka umugunditse waya wa pulagi. Cinafala pambuyo pa kalata ina yosindikizidwa mu 1986 m'magazini ya madokotala ya The Lancet, yosimba za ku Ecuador. Atayesa pa nyama anapeza kuti magetsi sacita kanthu pa ululu wa njoka. Njoka zambiri zilibe ululu wakupha, ndipo ngakhale zaululu nthawi zina zimaluma osasiya kanthu, conco wocira amayamika pulagi. Koma wolumidwa ndi mphiri amataya ola limene akanakhala ali panjira ya kucipatala.

Amayi atatuluka ndinayenda khomo ndi khomo, tsidya lino ndi tsidya linalo, ndi funso la adokotala lija. Mayi wothamanga magazi anali asanasiye mapiritsi ake; anandiseka kuti iye sakhulupirira mwamuna mmodzi. Agogo a nyamakazi anakwiya kuti ndawalanda mankhwala awo, ndipo mpaka lero amauza anthu kuti madokotala anandigula. Mnyamata uja ndinamupeza kudimba. Anali atasiya ma ARV kwa masabata angapo. Ndinamuuza kuti ndinamusoceretsa, kuti kacilombo sikamva magetsi a kabokosi, kuti mankhwala akasiyidwa kamaculukanso m'magazi ndipo nthawi zina kamayamba kukana mankhwala omwe ankakagonjetsa. Ndinamulipirira njinga, ndinamuperekeza mpaka pacipata. Anayambiranso. Tikakumana pamsika sandipatsa moni, ndipo sindimuimba mlandu.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina ku baraka atanyamula inveta ndi mapaipi awiri m'thumba la feteleza. Anati anamva kuti ine ndimadziwa, ndipo bambo ake afa ziwalo. Ndinamukhazika pabenchi, ndinamuwonetsa zipsera za m'manja mwanga, ndinamusimbira zonse zimene mwawerengazi. Ndinamuuza kuti wofa ziwalo amafunika mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi kuphunzitsidwa kuyendetsa ziwalozo tsiku ndi tsiku, ndipo mtima wa munthu wotere ndi womwe sungapirire nyesi. Anamvetsera mwaulemu, cipewa cili pabondo. Nditamaliza anandifunsa ngati ndikudziwa wina amene angamupangire. Ndinangokwanitsa kumuuza cimodzi cokha cimene ndinawona kuti wacisunga: kuti munthu akagwidwa usamukhudze ndi manja, zimitsa magetsi kapena cotsa waya ndi mtengo wouma, ndipo ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, apite kucipatala akamuyeze mtima. Anatenga thumba lake n'kuwoloka msewu.

Madzulo ndimapitabe kwa amayi. Madzi ndimayamba ndawayesa ndi cigongono canga, cifukwa iwo sangadziwe ngati atentha. Ndimawapukuta bwino pakati pa zala, ndimayatsa toci ya foni n'kuyang'ana pansi pa phazi, kucidendene ndi pacipsera, kenako ndimakutumula nsapato kuti musakhale kamwala kapena munga. Mbaula imakhala patali ndi miyendo, ngakhale amadandaula. Mawaya ndi timapaipi mayi a kunyumba anaponya m'cimbudzi, koma kabokosi ka sopo anakacapa, ndipo ndi mmene amayi amasungiramo mapiritsi ndi kakadi ka kucipatala.

Dzulo ndikuwunika anandifunsa kuti, "Wapezamo ciyani lero, injiniya?"

"Palibe, amayi. Pali bwino."

"Ndiye dzoza mafuta, manja akowo akuzizira. Lacinayi lijatu ndi la kucipatala. Wa njinga wamuuza?"

Ndinali nditamuuza kale, ndalama yakenso nditamupatsa theka.